Mkanda umene unatsala m'maso

Pa wayilesi ananena sabata yathunthu kuti tsiku la kadamsana munthu asayang'ane kumwamba. Amuna anga, amene anali telala wosoka mayunifolomu kwathu ku Zemba, anamva bwinobwino. Vuto lawo linali kuchenjeretsa. Anati wayilesi yaletsa kumwamba, za pansi sinanene. Anathira madzi m'beseni langa lochapira, n'kuliika pabwalo, n'kugwada kuti aonere dzuwa m'madzimo.

Ine ndinali pakhonde, ndikuswa mtedza. Kuwala kunayamba kufooka, kukhala kotuwa ngati phulusa. Nkhuku zinalowa zokha m'khola. Kamphepo kozizira kanadutsa, ng'ombe zokoka ngolo zinaima pamsewu, mwini wake osazikwapula. Mudzi wonse unangoti zii.

"Amake mwana, bwerani mudzaone! Dzuwa lada bii, koma m'mphepete mwake muli mikanda yowala!"

"Mikanda yanuyo muone nokha," ndinayankha, maso ali palichero. Sikuti ndinkamvera wayilesi ayi. Ndinali ndi mantha basi.

Ndinawamva akuwerenga motsitsa mawu. Isanu. Inayi. Anati ikuzima umodziumodzi. Kenako anati, "Watsala umodzi."

Kunayambanso kuyera, atambala n'kulira masanasana, anthu kutsidya akukuwa ndi kuseka. Iwo anabwerezanso, "Watsala umodzi." Nditadzutsa mutu ndinaona kuti beseni alisiya kale. Ankayang'ana khoma la nyumba yathu.

M'mawa mwake analephera kulowetsa ulusi pasingano. Anayesa mpaka thukuta, akuti pomwe pali bowo ndi pomwe pakhala mkandawo. Ndinawakweza panjinga kupita nawo kukiliniki, ndikuwakalipira njira yonse, chifukwa ndikanasiya kukalipa ndikanalira. Kumeneko anati maso apsa m'kati, tidikire, mwa ena zimatha zokha. Tinadikira mpaka mvula inagwa, chimanga chinacha, tinakolola. Makina osokera tinawafunditsa chitenje.

Mkandawo sunachoke. Umakhala pachilichonse chimene alunjikitsapo maso, kaya ndi baibulo, kaya ndi mbale, kaya ndi nkhope ya munthu. Za m'mbali amaona, ndiye anaphunzira kuyang'ana cham'mbali. Kumunda amalima, kutchalitchi amapita okha. Koma akafuna kundiona ine, amayang'ana kuseri kwa phewa langa, n'kumamwetulira pamalo popanda munthu. Alendo amatembenuka kuti aone amene waima kumbuyo kwanga. Inenso, zaka zonsezi, nthawi zina ndimatembenuka.

Tsiku lina nditatopa nazo ndinawagwira chibwano n'kuwawongola mutu.

"Tandiyang'anani kumaso kamodzi kokha, ngati kale."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali phee pa ine.

"Ndakuyang'anani, amake mwana," anatero. "Nkhope yanu palibepo."