Malemu Asavine Chete

Linali Lachiwiri, nthawi ili naini koloko m'mawa, pamene galimoto yoyera inaima pafupi ndi nyumba yanga ku Lirangwe. Ndinali pakhonde ndikupeta nandolo. Ndinali nditangomaliza kumene eda, miyezi ija mkazi wachisilamu amakhala pakhomo kulira mwamuna wake, ndipo alendo ndinali ndisanawazolowere.

Munatsika anthu awiri a ku Blantyre. Wina anali mayi wamtali, wovina magule a pasiteji m'tauni. Winayo anali bambo wa magalasi, wodziwa za makompyuta. Ndinali ndisanawaonepo, koma ndinawazindikira chifukwa amuna anga ankawakamba.

Amuna anga ankanyamula zikwama za apaulendo pabwalo la ndege ku Chileka, koma anthu ankawadziwa ndi gule wa Beni. Ankatsogolera ndiwo, atavala khaki wosita bwino, wezulo kukamwa. Akulu awo, alamu anga, ankaimba ng'oma yaikulu. Ife amayi tinkakhala kumbuyo, kuvomera nyimbo. Nthawi ya kampeni chipani chilichonse chinkatiitana, ife n'kumangosintha nsalu, gule yemweyo.

Matenda asanawagwetse, anthu awiriwa anawaitanira ku holo ina ku Chileka. Tsiku limenelo amuna anga anabwera kunyumba akuseka kuyambira pamsewu.

"Amayi, lero andimanga ngati mbuzi ya pamsika! Timabokosi ngati ta machesi, m'mawondo, m'zigongono, m'chiuno, kena pamutu. Akuti ndizivina, kompyuta iziona."

"Ndiye yaona chiyani? Mimbayo?" ndinatero ine.

"Yaona mwamuna, inu. Mwamuna weniweni."

Ndinkayesa ndi zocheza za anthu a m'tauni, ndipo ndinaiwala.

Alendo aja atapepesa maliro, bambo wa magalasi anatsegula laputopu n'kuiika pampando. Munali mwakuda bii. Kenako munaoneka timizere toyera tolumikizana ngati munthu wa timitengo, wopanda nkhope, wopanda zovala. Timitengoto tinayamba kuguba. Titafika potembenuka, phewa lakumanzere linatsika kaye, mutu n'kutsatira pambuyo. Ndinaika lichero pansi. Palibe munthu wina m'dera lathu lonse la Chigaru amene ankatembenuka choncho, kupatula amuna anga.

Mawu munalibe. Bamboyo anafotokoza kuti timabokosito sitimva, timangodziwa mmene thupi likuyendera. Nyimbo anajambula padera pafoni, koma foniyo inali pafupi kwambiri ndi ng'oma, moti munangotsala phokoso. Mayi wamtali uja anati wakhala akuphunzira kuvina limodzi ndi timitengoto, ndipo akufuna chilolezo choti azionetsa kwa anthu, iye akuvina pambali pake.

Apa ndi pamene analakwitsa, ngakhale sanadziwe. Iwo ankaganiza kuti mwamuna akamwalira, mawu amakhala ndi mkazi wake. Kwathu kuno sizitero. Amuna anga anali mkamwini pamudzi pathu, ndipo za malemu amalamula ndi abale awo. Khaki uja, wezulo ndi njinga zinapita kwawo kwa Kuntaja tsiku la sadaka. Ndinawauza kuti ine ndilibe mawu, apite kwa alamu. Koma galimoto yoyera siibisika pamudzi. Alendowo asanafike n'komwe ku Lunzu, foni yanga inalira.

"Alamu," anatero akulu awo a malemu, "ndamva kuti mng'ono wanga akuvina pakhonde panu."

"Si choncho, alamu. Ndi timizere chabe."

"Timizere tomwe mwalira nato? Munthu tinamuika, sadaka tinachita, dua tinapereka. Mukufuna azidzukabe kusangalatsa anthu a m'tauni? Ndipo anthuwo sadziwa kuti malemu ali ndi kwawo? Loweruka tikumane ku holo komweko. Afufute ine ndikuona."

Iwo sanalakwe pa mwambo. Koma ine ndinali ndi zithunzi ziwiri zokha za amuna anga, ndipo pa zonsezo anangoima njo ngati msilikali wa pageti. Chinthu chokhacho chomwe chinatsala chikuyenda ngati iwo chinali mu laputopu ija, ndipo Loweruka chinkathera pomwepo.

Loweruka ndinakwera minibasi, kenako kabaza, mpaka ku Chileka. Alamu ndinawapeza atafika kale, atakhala pabenchi, chipewa chili pabondo. Bambo wa magalasi anapepesa kuti anadumpha khomo. Anati iye ndi mnzake analonjeza malemu kuti abale akadzakana, adzafufuta, ndipo lonjezolo silinasinthe.

"Ndione kaye chomwe ndikufufutacho," anatero alamu.

Bambo wa magalasi anatseka mawindo ndi nsalu, n'kuwalitsa pakhoma. Timitengo tija tinatuluka tatikulu ngati munthu. Tinaguba, tinatembenuka. Mu holo munali zii, kungomveka ndege ikutera kutali. Alamu anayang'ana osaphethira, kenako anapukusa mutu.

"Zimenezi ndi zoopsa. Munthu kuvina chete ngati mzukwa. Zimitsani."

Mayi wamtali uja anapempha kuti afunse chinthu chimodzi chokha asanafufute, chifukwa chamuvutitsa kwa nthawi yaitali. Anavula nsapato n'kuima pambali pa timitengoto. Ankavina bwino, phewa ankalitsitsa ngati mwini wake. Koma pakati pa gule timitengoto tinaima, mwendo umodzi uli m'mwamba, dzanja lili kukhutu. Tinakhala choncho kanthawi, kenako tinagwetsa phazi n'kupitiriza.

"Apa ndimasochera nthawi zonse," anatero mayiyo. "Anzangawa akuti makina sanaime, anaima ndi malemuwo. Ankadikira chiyani?"

Ine ndinali nditaidziwa kale nyimboyo poona mapazi. Anaipeka okha amuna anga, yodandaula kuti amanyamula zikwama zopita ku Joni koma iwo amabwerera kwawo pa njinga. Ndinangomva pakamwa panga payankha.

"Ankadikira ife amayi. Iwo akati zikwama zapita ku Joni, ife timavomera kuti wanyamula watsala."

"Bodza limenelo, alamu!" Alamu anadzuka pabenchi. "Amayi a chiyani? Pamenepo ankadikira ng'oma yanga. Inu munkangolowerera ngati nkhuku pa mphale."

"Ng'oma yanu ija yochedwa ngati minibasi yosadzaza?"

"Iii, tamverani mayi awa! Bwezani pamene paja, achimwene, ndiwaonetse."

Bambo wa magalasi anabweza. Alamu anayang'ana uku ndi uku, n'kutenga chigubu cha madzi chopanda kanthu chomwe chinali pakona. Anachipana m'miyendo. Timitengo titayamba kuguba, iwo anayamba kuimba chigubucho, ine n'kuyambitsa nyimbo. Mawu anatuluka okhakhala, chifukwa chimwalirireni amuna anga ndinali ndisanaimbepo. Titafika poima paja, ine ndinavomera, alamu anamenya kawiri mwamphamvu, ndipo phazi la timitengo linagwa pansi pamodzi ndi kumenya kwachiwiriko, ndendende.

Tonse tinakuwa. Mayi wamtali analumpha ngati mwana.

"Mwaona?" anatero alamu. "Ng'oma!"

"Mwaona?" ndinatero ine. "Amayi!"

Tinabwereza kambirimbiri. Bambo wa magalasi anaika foni kutali ndi chigubu ulendo uno, ndipo ankatifunsa pomwe nyimbo ikuyambira, n'kumaika chizindikiro pa timizere take. Alamu ankamulamula ngati mwana wa sukulu, iye n'kumangoti chabwino bambo. Pena alamu ankakalipira khoma lenilenilo. "Wathamanga iwe! Moyo wako wonse kuthamangira kutsogolo kwa ng'oma!" Atatero anapukuta kumaso ndi chipewa. Tinawasiya.

Atapuma anaitana bambo uja.

"Musafufute. Koma mumve bwino. Mng'ono wanga asavine chete. Kulikonse komwe mukamuonetse, pakhale ng'oma yeniyeni ndi amayi ovomera. Za mufoni zanuzo ayi. Tsiku lomwe ndidzamve kuti mwamuvinitsa yekha ngati mzukwa, ndidzabwera ndi chigubu chomwechi kudzaphwanya makinawo."

"Nanga ovomerawo tikawapeza kuti?" anafunsa mayi wamtali.

"Simukuwaona alamu angawa? Mawu ngati chitseko, koma nyimbo amazidziwa."

Koyamba kuonetsa kunali mu holo momwemo, masana, ana a sukulu ndi anthu a pabwalo la ndege atadzaza. Anzawo a malemu onyamula zikwama anawazindikira potembenuka paja, ndipo anaimirira okha wina osawauza. Ine ndinaima kutsogolo ndi amayi anzanga a ku Lirangwe, titavala nsalu zofanana. Sukulu ndinalekeza sitandade folo, koma tsiku limenelo anthu ophunzira ankayang'ana dzanja langa kuti adziwe poyambira. Ndinalira pang'ono pokwera minibasi, osati pamaso pa anthu.

Pambuyo pake mayi wamtali anati mayendedwe a amayi a kumbuyo nawonso ndi gule, ndipo palibe anawajambulapo. Anandimanga timabokosi tija m'mawondo ndi m'chiuno. Timayabwa, ndipo kapamutu kamagwetsa duku. Nditadziona pakhoma ndinaseka mpaka kukhala pansi, chifukwa timitengo tanga n'tatifupi, ndiponso timagwedeza m'chiuno kuposa mmene ndinkaganizira. Bambo wa magalasi anatiika pakhoma limodzi, malemu kutsogolo, ine kumbuyo kwawo. Alamu anati ngakhale pamenepo ndikuchedwa kulowa.

Masiku ano ndimalima nandolo ndi chimanga monga kale. Loweruka ndimapita ku Chileka ndi amayi anzanga, alamu amabwera ndi ng'oma yawo, ndipo ndimaphunzitsa atsikana kuvomera nyimbo za Beni.