A Makiyi ndi Namulondola Wawo Wotchipa

Palibe chitseko chomwe abambo anga sangatsegule. Maloko a pageti, a sutikesi, ngakhale a sefa yakale yomwe mwini wake anamwalira ndi nambala m'mutu, onse amawagonjera. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale, amangoti a Makiyi. Kashopu kawo n'kakang'ono moti ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri, koma pakhomapo pamalendewera makiyi osadula mazanamazana, ndipo iwo amatola woyenera osayang'ana n'komwe.

Chinthu chimodzi chokha chinawakanika: kuwerenga. Sukulu anailekera poyambirira penipeni, agogo atamwalira. Kunyumba kwathu nkhani imeneyi sitinkaitchula. Kasitomala akawapatsa pepala, ankasisita matumba onse n'kunena kuti, "Ha, magalasi ndasiya kunyumba." Magalasi amenewo sindinawaonepo chibadwire.

Magalasi awo enieni anali amayi. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi amayi ankakhala pampando wakutsogolo wa kagalimoto kathu, kope lili pamwendo. Munthu akaimba foni kuti wataya makiyi, amayi ankalemba dzina la msewu ndi nambala ya nyumba, n'kumawerenga zikwangwani njira yonse. "Kumanja apa, bambo. Ndati kumanja! Kodi dzanja lodyera mwaliiwala?" Anthu ankati banja lokondana, losasiyana ngakhale kuntchito. Kukondana ankakondanadi, koma panalinso zimenezo.

Chaka chatha amayi anawachita opaleshoni ya bondo, ndipo dokotala anawaletsa kugwedezeka m'galimoto kwa miyezi itatu. Abambo anafota tikuona. Foni ikalira ankafunsa kaye komwe munthuyo ali. Kukakhala kumalo akale komwe amadziwa mtengo uliwonse, ankapita. Kukakhala kunyumba zatsopano za kunja kwa tauni, ankati, "Pepani, ndili kutali," ali phee pampando m'shopu. Makasitomala anayamba kupita kwina. Tsiku lina ndinawamva akuuza amayi kuti mwina angogulitsa galimoto, azingodula makiyi pashopu. Zinandipweteka, ndipo ndinakwiya nawo ngakhale sanalakwe kanthu.

Ndiye Lachitatu lina analowa m'nyumba atanyamula kabokosi ngati muli mazira.

"Mwanawe, tabwera! Wapataxi uja wandionetsa kake. Akuti kamalankhula. Kamakuuza njira pakamwa, osati kukulembera ayi, pakamwa!"

Kanali ka GPS, kamakina kolondolera njira, kotchipa kuposa tonse tomwe tinali m'sitolo. Kukula kwake ngati sopo wochapira. Dzina la kampani yake silinalembedwe ndi pabokosi pomwe. Ine ndinapinda milomo, koma abambo anali atanyamula kale makiyi a galimoto.

Tinakamata pagalasi lakutsogolo ndi kamphira kake, chingwe n'kulowetsa pabowo loyatsira ndudu. Ndinalembamo msewu wa kuntchito kwanga. Kanaganiza, kanaganiza, kenaka panatuluka kamuvi kobiriwira, ndipo mawu a mzimayi anati tikhotere kumanzere.

Abambo anaomba chiwongolero ndi manja onse awiri. "Wamva? Wamva iwe? Kakundidziwa!"

Tsiku limenelo tinazungulira tauni mpaka ine njala inandipweteka. Ankaphonya dala pokhotera kuti aone ngati mzimayiyo akwiye. Sanakwiye, anangopeza njira ina. "Ameneyu ndi woleredwa bwino," anatero abambo. "Amayi ako akanandikumbutsa mpaka mawa." Pofika kunyumba anali atamupatsa kale dzina loti Namulondola.

Amayi anamvetsera zonse ali pabedi, mwendo uli pamapilo. "Ooh, ndiye mwakwatira wachiwiri ine ndikupuma? Akuchapireninso masokosi ameneyo."

Tsono chotchipa sichilephera kukukumbutsa kuti n'chotchipa. Dzuwa likatentha, kamphira kankafewa, Namulondola n'kugwera kumapazi, n'kumalangizabe njira ali pansipo. Ukangozula chingwe, batire silinkatha mphindi khumi. Pakati pa nyumba zitalizitali ankasokonezeka n'kunena kuti tili mumtsinje. Tsiku lina anawauza abambo kuti alowe msewu womwe anautseka ine ndili kusekondale. Abambo anamumanga ndi waya kuti asamagwe, ndipo zolakwa zake zonse ankamuikira kumbuyo. "Ndi mlendo m'tauni muno, azolowera."

Vuto lenileni linali kulemba. Namulondola salankhula usanamulembere komwe ukupita. Masiku oyamba ndinkawalembera ine m'mawa, koma munthu sataya makiyi pa nthawi yopangana. Madzulo ena ndikulemba, ndinaona abambo akuyang'anitsitsa chala changa, kenaka pepala lomwe amayi analembapo adiresi, kenakanso chala.

"Iwe, chimene ukuchitachi si kukopera kiyi? Ukuona dzino apa, n'kukafuna lofanana nalo apo."

"Ndi zilembo, bambo, si mano."

"Tandipatsa."

Anaika pepala pambali pa kamakinako monga amaikira kiyi wakale pambali pa watsopano. Chilembo choyamba anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchisaka, n'kuchidina. Chachiwiri chimodzimodzi. Mayina a zilembozo sankawadziwa. Anali ndi awoawo: kampanda, njoka, chamimba ziwiri, makwerero. Anatenga mphindi zisanu ndi ziwiri, thukuta lili kamukamu, koma kamuvi kanatuluka. Anakuwa mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa.

Kuyambira pamenepo ankauza makasitomala kuti awatumizire adiresi pafoni ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa cha magalasi aja. Komabe kunyumba zatsopano sanayerekeze kupitako.

Zomwe zinachitika Loweruka lina ine kunalibe, koma ndazimva kokwana makumi awiri, ndiye ndizinena ngati ndinaliko. Abambo anali okha kushopu masana, foni inalira. Mzimayi akulira. Anatuluka kukayanika zovala, kamwana kake kakakazi ka zaka ziwiri kanakankha chitseko n'kudzikhomera mkati, poto ali pamoto. Mawindo onse a zitsulo. Kuti? Kunyumba zatsopano.

Abambo akuti mawu oti "ndili kutali" anafika pakhosi. Anawameza. "Tumizani adiresi, mayi, ndikubwera."

Anakopera zilembo, kamuvi kanatuluka, iwo n'kuponda moto. Namulondola anawatsogolera bwinobwino kudutsa pamsika, pamlatho, mpaka pomwe tala watsopano akuyambira. Pamenepo mapu ake akale anathera. Kamuvi kanangoyandama pamalo oyera, ngati kuti kunalibe nyumba ndi imodzi yomwe, mzimayi wa m'kamakina n'kumangoti abwerere, abwerere.

Kutsogolo kwawo kunali misewu isanu ndi umodzi, yofanana ngati makiyi osadula. Mipanda yofanana, mageti ofanana, panja popanda munthu womufunsa. Anaimbira mayi uja. Iye anali atangosamukirako sabata yomweyo, njira sankatha kuifotokoza, ankangoti, "Fulumirani bambo, ndikumva fungo la kupserera!"

Pangodya ya msewu uliwonse panali chikwangwani. Moyo wawo wonse abambo ankazidutsa zinthu zimenezi osaziyang'ana, monga umadutsira munthu yemwe munayambana. Anatsika m'galimoto, n'kukweza foni m'mwamba pambali pa chikwangwani choyamba. Dzino loyamba silinafanane. Anathamangira chachiwiri. Loyamba linafanana, lachiwiri ayi. Bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi, bokosi la zida kudzanja, akuthamanga ngodya ndi ngodya atatukula foni! Pa chikwangwani chachinayi njoka inali pamalo pake, makwerero pamalo pake, kampanda kumapeto. Zonse zinalowana.

Nambala za nyumba sizinawavute, manambala amawadziwa kuchokera pamakiyi. Chitsekocho anachitsegula pasanathe mphindi imodzi. M'khitchini munali utsi, poto atada bii, koma kamwanako kanali pabalaza kakusewera ndi nsapato ya mayi ake, kosadziwa kanthu.

Tinamva hutala akadali kumsewu waukulu. Analowa m'nyumba osavula nsapato, zomwe kwa amayi ndi mlandu waukulu, mpaka kuchipinda.

"Mayi! Ndawerenga chikwangwani! Ndekha! Namulondola anandithawa, ine n'kuwerenga ndekha!"

Anafotokoza ataimirira, akuthamanga pamalo amodzi, foni ili m'mwamba. Ine ndinaseka mpaka misozi. Amayi nawo anaseka, anaomba m'manja, kenaka anayamba kusalaza bulangeti pabondo lawo.

"Basi, zayenda," anatero motsitsa. "Ndiye kuti ine ntchito yandithera. Mpando uja muziikapo bokosi la zida."

Ndinaona kuti sakuseka ayi, ndipo mtima wanga unagwa. Abambo anaika foni m'thumba. Anatuluka, tinamva chitseko cha galimoto, kenaka anabwera ndi Namulondola, waya wake akulendewera. Anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Batire lake silichedwa kutha, ndiye yang'anani msanga. Mukuona kachithunzi ka nyumbaka? Tadinani."

Amayi anadina. Pamalo pomwe ine ndinasiya mawu oti kunyumba panatuluka dzina la amayi, lathunthu, chilembo chilichonse pamalo pake.

"Mwalemba ndani izi?"

"Ndinakopera pakhadi lanu la kuchipatala. Zinanditengera masana onse. Kulikonse komwe ndili, ndikadina apa kamandibweretsa kwa inu. Kwina konseko kamasochera, koma kuno sikanaphonyepo."

Kamakinako kanazima m'manja mwa amayi. Anapukuta m'maso ndi ngodya ya bulangeti, n'kundilozera kope lawo lakale pawindo.

"Tandipatsira ilo, ndi cholembera. Inu bambo, vulani nsapatozo mukhale bwino apa. Dzina langa mwalidula bwino, koma chilembo choyambachi si chamimba ziwiri ayi. Chili ndi dzina lake."

Abambo anavula nsapato, n'kusendera pafupi.