Ndinapeka manambala a msewu wa ku Nchema

Inu owerenga, ine ndinanama pa ntchito, ndipo bodza langalo linapweteka anthu amene sanandilakwire chilichonse.

Nditangomaliza kosi ya kompyuta, kampani ina yoyeza misewu inandilemba ntchito. Panali anthu okhala m'mphepete mwa misewu ya ku Chiradzulu kuno, kuwerenga galimoto, njinga ndi ngolo zodutsa. Ine ndinkalowetsa mafomu awowo m'kompyuta n'kuonetsa misewu yoyendedwa kwambiri, poti imeneyo ndi imene inkayamba kukonzedwa.

Tsiku lina ndikuchokera ku Njuli pa kabaza, mvula inandipeza. Mafomu a msewu wa ku Nchema amene ndinanyamula ananyoweratu, osawerengekanso. Ndinali ndisanathe mwezi pa ntchito, ndiye ndinaopa kuwauza abwana anga, a Makwinja. Ndinangopeka manambala. Mumtima ndinati kumudzi ngati kuja kungadutse zingati? Ndinalemba zochepa.

Lipoti linapita, msewuwo n'kuchotsedwa pa mndandanda wa misewu yoti ikonzedwe.

Patapita milungu ingapo, mu ofesi munalowa mayi Saizi, amene anawerenga pa msewu umenewo. Anali atamva kuti lipoti likuti msewuwo suyendedwa kwenikweni. Sanakhale n'komwe pampando.

"Bwana, ine ndinapsa ndi dzuwa mlungu wathunthu. Tsiku la msika cholembera chinandithera m'manja. Nanga njinga zonse zija zapita kuti? Kwathu anthu akuti ndinkagona pansi pa mtengo."

A Makwinja anandicheukira n'kuti ndibweretse mafomuwo. Ndinatsegula kabati, kutseka, kutsegulanso, thukuta lili kamukamu. Onse awiri ankangondiyang'ana. Ndikanatha kunena kuti mayiwo ndi amene analemba molakwika, ndipo kunena zoona maganizo amenewo anandibwerera. Koma nditaona mapazi awo atatuwa ndi fumbi la ulendo, ndinatulutsa mapepala omatana aja n'kuulula.

Ntchito inandithera tsiku lomwelo. Chondiwawa si chimenecho. Lipoti linali litavomerezedwa kale, moti msewuwo unakhalabe wokumbika. Dzinja lotsatira matola anasiya kufikako, odwala ankawanyamula pa machira, tomato n'kumaolera m'madengu.

Inu amene mwangoyamba ntchito yosanthula manambala, chikakuonongekerani nenani tsiku lomwelo. Ndikanalankhula, akanangowatuma mayi Saizi kukawerenganso. Abwana akanandikalipira, inde, koma kukalipirako kukanathera mu ofesi momwemo, osafika ku Nchema.