Thiransifoma Yopsa mu Shedi ya Amalume

Chimene ndimayamba kukumbukira ndi chitsulo chakuda, chosaposa theka la njerwa, koma cholemera moti ndinkachinyamula ndi manja awiri. Chinkanunkha phula ndi pepala lopserera. Amalume anati ndi thiransifoma, yochokera mu ampu yakale, ampulifaya yokuzira mawu a gitala, ija ya mababu agalasi amene amafiira ngati makala. "Apa ndiye pakhosi pake," anatero. "Pakapsa apa, gitala imangoyasama, mawu osatuluka."

Inali nyengo yozizira ya chaka chimene tinachoka m'nyumba yathu ya lendi ku Swords, tauni ya kudziko la azungu kumene tinkakhala. Mwini wake ankaigulitsa. Amayi anayendayenda kufuna ina, koma kulikonse ankapeza mzere wa anthu utafika kumsewu. Mapeto ake a boma anatiika mu hotela ina kufupi ndi Citywest, chipinda chimodzi, ine ndi amayi. Anzanga akanamva kuti ndimagona mu hotela akanandisirira. Koma kuphika kunali koletsedwa, kusewera m'khonde koletsedwa, ndipo tinkalowera khomo la kumbali kuti tisakumane ndi alendo enieni. Ndikangoseka, amayi ankaloza khoma. "Tsitsa mawu, angakatinenere." Ndinaphunzira kuyenda monyang'ama ngati mphaka.

Sukulu sindinasinthe. Amayi ankakolopa kubwalo la ndege mpaka madzulo, choncho ndikaweruka ndinkakawadikirira kwa amalume, alongo awo aakulu, amene ankakonza maampu mu shedi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikulire. Luso limeneli anayambira ku Limbe, pa mawailesi. Iwo ankandilankhula Chichewa, ine n'kumayankha Chingerezi, ndipo tinkamvana bwinobwino.

Thiransifoma ija inabwera ndi mzungu wina waimvi, woyendera ndodo. Ampuyo inali ya malemu mng'ono wake, amene ankaimba m'maholo a dansi kalekale. Amalume anamuuza kuti angathe kungoikamo yatsopano, ntchito ya tsiku limodzi. Mkuluyo anapukusa mutu. Ankafuna mawu omwe aja.

Ndinkaonerera nditakhala pa ndowa yovundikira, homuweki ili pamiyendo. Amalume anayamba aitenthetsa kuti vanishi afewe, kenako ndi mpeni wobuntha anayamba kusolola tizitsulo topyapyala, kamodzikamodzi. Koyamba n'kamene kanavuta; katangotuluka, tinzake tinatsatira mosakana. Mkati munali waya wa kopa wowonda ngati tsitsi, wokulungidwa mizeremizere, ndipo pakati pa mizereyo panali pepala lofiirira limene linkanyenyeka ngati tsamba louma la fodya. Ankamasula pang'onopang'ono, milomo ikuwerenga chamumtima, kuti adzakulunge ndendende mmene anakulungira munthu woyamba uja, amene sanamuonepo. Atafika popsa paja anandiitana. Kanali kadontho kakuda, kongofanana ndi nyerere. Mpaka lero ndimadabwa kuti kabala kochepa chotero kanatontholetsa chinthu chonsecho zaka zambirimbiri.

Waya watsopano ankamukulunga pa makina opukusa ndi dzanja, amene anapanga okha ndi chogwirira cha dirilo yakale. Dzanja lina likupukusa, lina likutsogolera waya pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Mvula inkagogoda padenga, kahita kakang'ono kankatiwotcha mapazi okha, msana uli zii. Mzere ukatha, pepala latsopano, kenako mzere wina. Ndinkakonda mmene ntchito imeneyo inkayendera pang'onopang'ono. Chinali chinthu chokhacho pa moyo wanga chimene mawa lake ndinkachipeza pamene ndinachisiya.

Tsiku lina, ntchito itatsala pang'ono kutha, wayayo anaduka. Sanamveke n'komwe. Amalume anangousa moyo, n'kuyamba kumasula zonse. Ine ndinayamba kulira. Tsiku limene tinkalongedza katundu wathu m'matumba akuda a zinyalala sindinagwetse msozi, koma chifukwa cha waya ndinalira mpaka kubanika. Amalume anandifunditsa jekete yawo yonunkha mtovu wowotcherera mawaya, n'kunena kuti, "Lira, mwanawe. Waya ngwambiri, tiyambiranso."

Anayambiradi. Loweruka lina masana mkulu waimvi uja anabwera kudzamva ampu yake, ndipo amayi nawo analipo chifukwa sanapite kuntchito. Amalume anayatsa. Mababu aja anafiira pang'onopang'ono, m'shedi monse n'kumveka fungo la fumbi lofunda. Zala za mkuluyo zinali zitapindika ndi nyamakazi, choncho gitala anapatsira amalume. Atangokhudza nsambo, malata a denga ananjenjemera. Mkulu uja anatsinzina, n'kumangogwedeza mutu.

Kenako amalume anatembenukira ku nyimbo ina ya kwaya, imene ankaimba ndi amayi ali ana. Amayi anali ataima pakhomo, chikwama chili m'khwapa. Anayamba kuimba nawo chapansipansi, kenako anatsegula kukhosi konse. Sindinkadziwa kuti m'thupi lawo lotopa lija munali mawu aakulu chomwecho. Ndinathamanga, n'kukoka chikhoti chawo, ndikufuula m'Chingerezi kuti akhale chete, atithamangitsa.

Nyimbo inadukira pakati. Mkulu uja anaweramitsa mutu, amalume anagwira nsambo ndi chikhatho. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwada pa simenti yozizira ija n'kundikumbatira, mapewa awo akugwedezeka.

Ine ndinkaganiza kuti akulira chifukwa ndawachititsa manyazi pamaso pa mlendo. Tili mu basi yobwerera ku hotela ndinawapepesa. Anapukuta nthunzi pawindo ndi dzanja, maso ali kunja.

"Sunalakwe, mwanangu," anatero. "Wachita zimene ndinakuphunzitsa."

Ndinaona ngati andiyamikira. Ndinatsamira paphewa pawo, n'kugona njira yonse ndili wokondwa.