Manambala Amene Sindinalembe

Ntchito yanga ndi yokonza mawayilesi ndi mafoni pa Lisungwi. Koma a Jafali, amene amaonetsa mpira kuseri kwa golosale yawo, atandiitanira chi TV chawo chachikulu, sindinaulule kuti mtundu umenewu sindinaugwirepo. Ndi chija chokhala ndi mababu atatu mkati, lofiira, lobiriwira ndi labuluu, amene kuwala kwake kumayenera kugwera pamodzi kuti chithunzi chioneke bwino. Vuto linali laling'ono: pakona imodzi mtundu wofiira unkasefukira.

Ndinatenga rimoti, n'kuyamba kusintha manambala olunzanitsira mitundu ngati katswiri. Manambala amene ndinawapezapo sindinawalembe. Cholembera chinali m'thumba momwemu, koma a Jafali anali ataima kumbuyo kwanga, ndipo ndinkaopa kuti kulemba kundionetsa umbuli.

Pomwe ndinkamaliza, wosewera aliyense anali ndi mizukwa iwiri, wofiira kumanzere, wabuluu kumanja. Njira yobwerera inali itandisowa.

"Kodi amisiri, pa mipira itatuyi, weniweni ndi uti?" anafunsa a Jafali.

"Ndi magetsi a kunowa, bambo," ndinayankha. "Akakhazikika, mitundu ibwerera yokha."

Anandikhulupirira. Anandipatsanso tiyi ndi mandasi, ine n'kudya.

Papita miyezi inayi tsopano. Oonera mpira anasamukira kwina, pamabenchi pangotsala fumbi. Ndikamapita kumsika ndimazembera kuseri kwa chigayo. Dzulo tinangokumanizana ndi a Jafali pamphambano, iwo n'kundipatsa moni ndi manja awiri.

"Amisiri, magetsi aja sanakhazikikebe. Tikudikira, monga munanenera."