Mbendera Yakumwezi Ndi Katani

Anzanga, ine ndikuyankhula, foni ikulemba, ndiye mukaona polakwika musandiseke. Sukulu ndinalekeza panjira, ntchito yanga ndi yosoka makatani.

Munthuyu tingomutchula kuti Wajekete, chifukwa tsiku loyamba anabwera ndi jekete yong'ambika m'khwapa. Ndinamuuza kuti ine ndi wa makatani, iye n'kungokhala pa benchi kuti adikira mpaka ndimusokere. Podikirapo anayatsa vidiyo pafoni, akuseka yekha.

"Sisi, taonani bodza ili. Ati anthu anafika kumwezi n'kuzikako mbendera. Kumwezi kulibe mphepo, nanga mbenderayi yatambasuka bwanji?"

Ndinaimitsa makina n'kusuzumira. Za mwezi sindimadziwa kanthu, koma nsalu ndimaidziwa.

"Tabwezani pang'ono... imitsani pamenepo. Iyi ndi katani."

"Katani?"

"Onani m'mwambamu. Anapinda mpendero, n'kulowetsa kachitsulo, ngati mmene ndimachitira inemu. Makwinyawo si mphepo, ndi nsalu yoti yakhalitsa chipindire osaisita."

Anakulitsa chithunzi ndi zala, n'kuyang'ana makatani anga ali pachingwe, n'kuyang'ananso foni. Kenako anafufuza, anawerenga, n'kundiyang'ana ine.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikutsutsa, inu mwaithetsa nkhaniyi singano ili kukamwa?"

Jekete ndinamusokera. Mawa lake anabwera ndi thalauza yabwinobwino, ati ndione ngati zipi ili bwino. Mkucha wake analibenso chobweretsa, anangobwera yekha.

Anzanga, ndisaname, ndinamukonda. Ankanditchula Wakumwezi. Akaweruka kushopu ya achimwene ake, komwe amagulitsa masipeya a galimoto, ankabwera kudzandigwirira nsalu ndikamadula. Ankandiwerengera za anthu anapita kumwezi aja, mmene anayendera, miyala imene anabwera nayo. Zina sindinkamva, ndinkafunsa, iye osatopa. Tsiku lina mwezi unaoneka masana, anandikokera panja n'kuloza.

"Babe, katani yako ili uko."

Ndinamusokera makatani a kuchipinda kwake, obiriwira, a lainingi, nsalu yachiwiri yakuseri ija. Aja ndinasoka ndi mtima wonse.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri anati tikaonekere kwa achimwene akewo. Bambo ake anamwalira kalekale, ndiye achimwenewo ndi amene amalamula zonse, ngakhale za amene mng'ono wawo akwatire. M'njira anandichenjeza.

"Amakonda mtsutso koma sakonda kugonja. Uzingomwetulira."

Ine ndinaona ngati nthabwala.

Tinakhala pabalaza, akazi awo atatipatsa zakumwa. Achimwenewo ndi munthu wa mawu aakulu, rimoti osaisiya m'manja. Anandifunsa za makolo, za ntchito, ndinayankha mwaulemu. Kenako anamva Wajekete akunditchula dzina lija.

"Wakumwezi? Musandiuze kuti nanunso mumakhulupirira filimu ija. Zonse zija anajambula mu situdiyo, mayi. Mbendera ikuchita kuuluka ndi mphepo ya fani."

Ndikanatha kukhala chete. Ndaganizapo kambirimbiri, mwina ndikanangomwa chakumwa changa... koma ayi. Anandifunsa ine.

"Pepani alamu, zambiri sindidziwa, koma za mbenderayo si mphepo. Muli kachitsulo m'mwamba, ngati katani yanu iyi."

Ndinaimirira n'kuwaonetsa pawindo lawo lomwe, mpendero ndi chitsulo chake.

Achimwenewo anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, mkaziyu wam'tola kuti? Sayansi ya pa makina osokera?"

Ndinatembenukira kwa Wajekete. Ndinkangodikira anene zija ankandiuza tsiku ndi tsiku. Mawu awiri okha, "akunena zoona," akanakwana.

Anayang'ana pansi, n'kuseka nawo.

"Musiyeni achimwene, ndi telala uyu. Sukulu sanapite nayo patali. Ine ndimangomuvomera kuti asakhumudwe."

Anzanga, ndadzibayapo ndi singano ya makina mpaka kutulukira kuseri kwa chikhadabo. Sizinawawe chonchi.

Sindinalire. Ndinaika tambula pa tebulo bwinobwino, ndinathokoza mayi a m'nyumba, n'kutuluka. Wajekete anandipeza pageti.

"Babe, sorry. Ukudziwa kuti ntchito yanga ili m'manja mwawo. Ukanangovomera, mwezi ukutipindulira chiyani ife?"

"Ndiuze pano, tili awiri. Anafika kapena sanafike?"

"Anafika."

"Tiye tikanene m'nyumbamo."

Anangoima, manja m'thumba la jekete yomwe ija ndinasoka ine.

"Ndiye bwerera kwa achimwene ako," ndinatero. "Ine ndapita."

Ena mwa inu amene munamva kale kuti tasiyana mwandilembera kuti ndinapupuluma, ati banja silitha chifukwa cha mwezi. Mayi anga omwe anatero. Koma taganizani. Lero wandigulitsa pa nkhani ya mbendera, yoti ilibe phindu monga ananenera mwiniwake. Nanga mawa ikadzakhala nkhani ya mwana wanga, kapena wina atandinamizira? Adzayang'ananso pansi n'kuseka nawo. Akanakhala kuti sakhulupirira, bwenzi tikutsutsana mpaka kukalamba, ine ndilibe nazo vuto. Koma ankadziwa zoona, n'kusankha kunditcha mbuli kuti iye akhale bwino.

Wandiimbira kasanu ndi kawiri. Dzana anatumiza uthenga woti achimwene ati ndikapepese, nkhani ithe. Ndikapepese chiyani? Kuti ndimadziwa mpendero?

Sindipita. Anafika kumwezi anthu aja, ndipo amene anasoka mbendera ija anali telala ngati ine ndemwe.

Makatani obiriwira aja sindikawatenga. Akhale pomwepo. M'mawa uliwonse akamawatsegula, aziona kachitsulo kali mumpendero.