Madzi amene sindinayese ndi chigongono

Apongozi anga aakazi anatsika kuchokera ku Namwera kudzakhala nafe ku Mangochi chifukwa cha mapazi. Ankati akuyaka mkati ngati aponda tsabola, koma ukawatsina khungu sankamva kanthu. Timapiritsi ta kuchipatala sitinathandize, ndiye tinkangoyesa zapakhomo. Masana ankaviika mapaziwo m'madzi a mumtsuko, dzuwa likapendeka ndinkawathowa ndi madzi ofunda n'kuwapaka mafuta a nsatsi. Ntchitoyi ndinkaigwira ndikung'ung'udza chamumtima, sindinama. Madziwo ndinkayamba ndayesa ndi chigongono, poti eni akewo sakanadziwa ngakhale akupsa.

Masiku amenewo amayi tonse tinkayenera kupita kokonzekera magule a chipani. Ukajomba, anyamata a chipani ankabwera pakhomo kudzafunsa ngati ukudana ndi boma. Tsiku lina ng'oma zinayamba kulira ndisanawasamale apongozi. Ndinaphula madzi pamoto, kukhuthulira m'beseni, kuthirako ozizira pang'ono chabe. Chigongono sindinaviike.

"Amama, ikani mapazi, ine ndachedwa."

"Ali bwino madziwa, mwanangu?"

"Ali bwino."

Ndinathamanga. Ndinavina mpaka thukuta kamukamu, ndipo amayi otsogolera anandiyamikira pagulu. Pobwerako ndinapeza apongozi ali pamkeka, phazi lamanzere litatuluka matuza mpaka m'zala. Iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Kataye madzi aja, utsuke beseni."

M'mawa mwake amuna anga anabwera kuchokera ku Malombe, kumene ankagula nsomba. Ataona phazilo anafunsa chimene chachitika. Ndisanatsegule pakamwa, apongozi anayankha kuti anaponda phulusa la moto kuseri, kowambira nsomba. Ankafuna kunditchinjiriza, poti mwana wawo anali wamtima wapachala ndipo ukwati wathu unali kale wogwedera. Chimene sanaganize n'chakuti wowamba nsomba pakhomopo anali mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, amene ankakhala nafe ukwati wake utatha.

Amuna anga anamulalatira mlamu wangayo mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo. Iye ankalumbira kuti moto anazimitsa. Apongozi anayesa kuletsa, koma sakanamuyeretsa mwana wawo wamkaziyo popanda kundiulula ine. Tsiku lomwelo mlamu anamanga katundu wake n'kubwerera ku Namwera. Ine ndinamunyamulira mtolo mpaka kokwerera basi, pakamwa nditatseka.

Chilonda cha apongozi sichinapole. Patapita miyezi anawadula zala ziwiri kuchipatala, ndipo kuyambira pamenepo sanayendenso bwino. Ndinkawatsuka chilondacho, kuchimanga, kuwapaka mafuta phazi linalo, anthu n'kumandiyamikira kuti mpongozi wotere ndi wosowa. Mawu amenewo ankandilasa. Kangapo ndinakonzeka kuwauza amuna anga, koma nthawi zonse ndinkapeza chifukwa chodikirira mawa. Anali mantha basi, palibe dzina lina.

Apongozi atamwalira, mlamu anabwera kumaliro. Mwa mwambo wathu wa Chisilamu, mtembo wa mayi umasambitsidwa ndi amayi, ndipo ife awiri tinali m'gulu la osambitsa. Ine ndinkathira madzi, iye ankatsuka. Atafika pa phazi lija anaima, n'kuligwira ndi manja awiri kwa nthawi. Sanakweze mawu, sanandiyang'anenso.

"Alamu, ine moto uja ndinazimitsa. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti amama anaponda pati."

Ndinapitiriza kuthira madzi.